Chithunzi cha masitepe chija chayamikiridwa pa mpikisano

Njerwa
Anzanga, ndabwera ndi nkhani yokoma. Chithunzi cha masitepe chija, chimene ndinakuonetsani pano ndisanamalize kuchikonza, chatuluka pa zotsatira za mpikisano wa zithunzi za nyumba ndi zomangamanga. Mphoto yoyamba sinandigwere ayi, koma majaji achiika m'gulu la zithunzi zoyamikiridwa mwapadera m'gawo la mkati mwa nyumba, ndipo chikapachikidwa nawo pa chionetsero chawo. Kwa amene simunachione: ndi masitepe a konkire a m'nyumba yoimikamo magalimoto. Khoma lake lili ndi timipata titatu titalititali, ndiye dzuwa likapendeka kuwala kumalowera pamenepo n'kugwera pa masitepe. Pakati pa masitepewo pakutsika bambo wina wosesa, nkhope yake sikuoneka chifukwa anali akuyenda. Zikomo nonse amene munachidzudzula nthawi ija.

Kalulu
Eee! Ulemu wanu achemwali. Ife tili kalikiliki kusaka nyumba zagalasi zonyezimira, inu mwakaitola mu garaja.

Kadzidzi
Mwaitha a Njerwa. Ine ndinanena tsiku lomwe lija kuti chithunzi chimenechi musachisiye mu kompyuta.

Mphukira
Zabwino zonse achemwali. Pepani ndine watsopano pagulu pano. Munajambula ndi chiyani? Ndipo zinatheka bwanji kuti makoma aoneke akuthwa chonchi koma munthu yekhayo n'kukhala wofufutika?

Njerwa
Takulandirani a Mphukira. Kamera inali pa tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), lenzi ya 24mm, f/11, ISO 100, shutter yotseguka kwa 1/4 ya sekondi. Khoma silisuntha, ndiye ngakhale shutter ichedwe kutseka limatuluka lakuthwa, bola kamera isagwedezeke. Munthu woyenda ndiye amafufutika. Ndikanachedwetsa kwambiri, mwina masekondi angapo, bambowo akanazimiririka. Chimene chinandivuta kwambiri chinali kuwala. Timipata tija tinali towala kwambiri pamene konkire inali mumdima. Ndinayeza kuwala potsatira mbali yowalayo kuti isapse, ndipo mbali zamdimazo ndinaziwalitsa pang'ono pokonza fayilo ya RAW, fayilo yoyambirira yosakonzedwa yochokera mu kamera.

Wamapulani
Ndikuyamikireni kaye achemwali, chithunzi ndi chabwino ndithu. Koma ndiloleni ndiponye kafunso kamene mwina sikakoma pa tsiku lachisangalalo. Timipata titatu timeneto sitinangomera pa khomapo. Pali munthu amene anakhala pansi n'kuwerengera kuti masitepe ayang'ane kuti, dzuwa lidzalowera pati, mpata ukhale waukulu bwanji kuti anthu asamapunthwe mumdima komanso mvula isamalowe. Pali amisiri amene anakhoma matabwa n'kuthira konkire kuti mizere iwongoke chonchija. Inu mwafika zonse zitatha, mwadina batani, mwalandira satifiketi. Ndiye majajiwo ayamikira chiyani kwenikweni, chithunzi kapena nyumba? Ndipo dzina la wolemba pulaniyo lili penapake pa chionetserocho?

Kalulu
Ayamba a Wamapulani. Tinali tisanamalize n'komwe kuomba m'manja.

Njerwa
Funso lachiwirilo ndi losavuta bambo. Fomu yolowera mpikisano inali ndi malo olembapo dzina la nyumba, kumene ili, ndi amene analemba pulani yake. Ndinafufuza mpaka ndinawapeza ndipo ndinalemba. Dzina lawo likhala pansi pa chithunzi limodzi ndi langa. Funso loyambalo ndiye sindikuvomerezani. Anthu amakwera ndi kutsika masitepe amenewo tsiku lililonse, mafoni ali m'manja, ndipo palibe amene amaima. Nthawi yambiri ya tsiku malowo ndi amdima, osakopa maso ngakhale pang'ono. Kuwala kumene mukukuona pa chithunzipo kumakhalapo kanthawi kochepa chabe.

Wamapulani
Kanthawi kochepako ndi kamene wolemba pulani anakakonza.

Gogo Filimu
Ana inu, mkangano umenewu ndi wakale kuposa tonse tili pano, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Ndiyambe ndi kumbali ya a Wamapulani. Kujambula zithunzi kunayambira pa nyumba. Chithunzi chakale kwambiri chojambulidwa ndi kamera chimene chidakalipo, cha Nicéphore Niépce cha m'ma 1826 kapena 1827, ndi cha madenga ndi makoma amene ankawaona pa zenera lake ku Le Gras. Sanasankhe nyumba chifukwa choikonda. Kamera yake inkafuna maola ambiri kuti ijambule, ndipo nyumba ndi imene inkatha kuima phee nthawi yonseyo. Mu 1851 boma la France linatuma ojambula asanu kuti akajambule matchalitchi ndi nyumba zakale zofunika kukonzedwa. Apo wojambula analidi wantchito wa nyumba: pita, katibweretsere mmene ikuonekera.

Koma taonani izi bambo. Nyumba ya Barcelona Pavilion, imene pulani yake analemba Mies van der Rohe, inamangidwa mu 1929 n'kugwetsedwa mu 1930. Kwa zaka zoposa makumi asanu, ophunzira zamapulani padziko lonse ankaiphunzira ngati imodzi mwa nyumba zofunika kwambiri za nthawi imeneyo, pamene nyumbayo kunalibe. Ankaphunzira zithunzi zochepa za black and white. Anadzaimanganso mu 1986, ndipo zithunzi zomwezo zinathandiza poimanga. Ndiye pa zaka zonsezo, ankasunga mbiri ya nyumbayo ndani?

Ngakhale Le Corbusier, katswiri wotchuka wa mapulani a nyumba, ankadziwa zimenezi. Mu 1949 Lucien Hervé anakajambula nyumba ya Le Corbusier yotchedwa Unité d'Habitation ku Marseille ikumangidwa, zithunzi mazanamazana tsiku limodzi, n'kumutumizira. Le Corbusier ataziona anamutenga kukhala womujambulira nyumba zake mpaka pamene anamwalira mu 1965. Hervé kawirikawiri sankaonetsa nyumba yonse. Ankatenga kachigawo, mthunzi wakuda bii, n'kudula chithunzi ndi sizasi mpaka patsale zimene iye akufuna. Chikhala kuti kujambula nyumba n'kungodina batani, Le Corbusier akanatuma aliyense wa mu ofesi yake.

Wamapulani
Agogo, nkhani ya Barcelona Pavilion ndaimva. Koma ikutsimikizanso mantha anga. Nyumba ikamatchuka chifukwa cha zithunzi, anzathu ena amayamba kulemba mapulani a nyumba zokomera kamera osati zokomera anthu. Ndalowamo m'nyumba zoti pa chithunzi umachita kusirira, koma mkati mukutentha, mawu akuchita phokoso, woyenda pa njinga ya olumala alibe polowera. Chithunzi sichimva kutentha. Mipikisano yanuyi ikuthandizira matenda amenewa.

Kadzidzi
Apa ndiye mwanena zoona, ndipo sindikutsutsani. Koma zindikirani kuti chithunzi cha a Njerwa si cha mtundu umenewo. Palibe amene analemba pulani ya garaja imeneyo akulota zotuluka m'magazini. Ndikuganiza kuti chimene chinawagwira majaji n'chimenecho. Tangoganizani mwakhala pa kompyuta mukuona zithunzi zambirimbiri, chilichonse mukuchipatsa masekondi ochepa poyamba. Mwaona kale masitepe ozungulira ojambulidwa kuchokera pansi, mwaona nyumba zazitali zojambulidwa kamera italoza kumwamba, mwaona nyumba zotchuka zomwezomwezo zojambulidwa pa ngodya yomweyo. Kenako pakubwera malo oti simukuwadziwa, ooneka wamba, koma kuwala kwake kwakuimitsani. Mumabwerera n'kuonanso.

Chiphaliwali
Ine ndiyankhulepo za bambo wosesayo. Kwa ine ndi amene waononga chithunzi. Chithunzi cha nyumba chizikhala cha nyumba. Munthu akangolowamo, diso limathamangira kwa iye, mizere yonse ija n'kuiwalika. Ndinanena nthawi ija ndipo ndikubwerezanso, satifiketi sinandisinthe maganizo.

Njerwa
Achimwene, ndili nacho china chopanda munthu, chojambulidwa pamalo omwewo mphindi zomwezo. Ndi chaukhondo koma sungadziwe ngati masitepewo ndi aakulu kapena aang'ono. Bambowo ndi amene akupereka msinkhu wa malowo. Komanso akudutsa pa mzere wachiwiri wa kuwala, ndiye diso likafika pa iye limakhala lafikanso pa kuwalako.

Gogo Filimu
A Chiphaliwali muli ndi anzanu otchuka, musadandaule. Bernd ndi Hilla Becher anajambula matanki a madzi, migodi ndi mafakitale kwa zaka zambiri popanda munthu ngakhale mmodzi. Ankadikira tsiku lamitambo kuti pasakhale mithunzi, n'kuimika kamera molunjika, kenako n'kuyala zithunzizo m'mizere kuti munthu aziyerekeza thanki ndi thanki inzake. Mu 1990 ku chionetsero chachikulu cha zaluso cha Venice Biennale anawapatsa mphoto ya Golden Lion, ndipo chodabwitsa n'chakuti inali ya m'gawo la ziboliboli. Wophunzira wawo Candida Höfer amajambula malaibulale ndi maholo opanda anthu mpaka lero.

Koma mbali inayo nayo ili ndi akuluakulu ake. Chithunzi cha Julius Shulman cha 1960 cha Case Study House 22 ku Los Angeles, nyumba imene pulani yake analemba Pierre Koenig, chotsanimo amayi awiri amene akhala m'chipinda chagalasi aja muone chimene chitsale. Amayiwo ndi amene amakuchititsa kumva kuti chipindacho chalenjekeka pamwamba pa mzinda. Ndipo Iwan Baan wa ku Netherlands anatchuka chifukwa chokana kuthamangitsa anthu pa zithunzi zake. Anajambula Torre David ku Caracas, nyumba ya nsanjika 45 imene inasiyidwa isanathe, mabanja n'kulowamo n'kumakhala popanda chikepe, atamanga makoma awoawo a njerwa ndi timashopu mkati. Chionetsero cha ntchito imeneyo chinalandira Golden Lion mu 2012. Pamenepo nyumba popanda anthuwo ndi chigoba chabe.

Kadzidzi
Ndipo mipikisano ina inazindikira kale zimenezi. Architectural Photography Awards ili ndi gawo lapadera la nyumba zimene anthu akuzigwiritsa ntchito. Kutanthauza kuti a Chiphaliwali ndi a Njerwa akhoza kulowa mpikisano umodzi osapondana.

Mphukira
Ine ndili ndi vuto lina. Ndikajambula nyumba yaitali imaoneka ngati ikugwera kumbuyo, makoma amapendekera mkati kumwambako. Pa chithunzi cha achemwali mizere yonse yaima njo. Ndi kamera yanga kapena?

Kadzidzi
Si kamera achimwene, ndi mmene mukuigwirira. Mukaima pafupi ndi nyumba mumaloza kamera m'mwamba kuti denga lilowe. Mukatero, sensa ya kamera (kachipangizo ka mkati kamene kamalandira chithunzi) ndi khoma sizikhalanso zoyang'anizana bwino. Kumwamba kwa khoma kumakhala kutali ndi kamera kuposa kumunsi, ndipo chakutali chimaoneka chaching'ono, ndiye mizere imayamba kukumana. Maso athu amaonanso chimodzimodzi koma ubongo umakonza wokha, pamene pa pepala palibe chokonza.

Mankhwala ake oyamba ndi aulere: bwererani m'mbuyo, kamera ikhale yowongoka osaloza m'mwamba kapena pansi, pansi pakachuluka mudzadule pokonza. Ngati pali pokwera, kwerani kuti mukhale cha pakati pa msinkhu wa nyumbayo. Makamera ambiri ngakhale mafoni ali ndi levulo ndi timizere ta pa sikirini, yatsani. Akatswiri amagwiritsa ntchito lenzi ya tilt-shift, monga Canon TS-E 17mm ndi 24mm kapena Nikon PC 19mm. Lenzi imeneyi imajambula bwalo lalikulu kuposa sensa, ndiye umaisunthira m'mwamba kamera ili chiimire, denga n'kulowa mizere osapendekeka. Makamera akale aakulu a nsalu kumutu aja ankachita zomwezi. Njira yomaliza ndi kuwongola pa kompyuta, pulogalamu ya Lightroom imatha bwino, koma mumataya m'mbali mwa chithunzi ndipo kumwamba kumatambasuka n'kuchepa kuthwa. Mukadziwa kuti mudzawongola, siyani malo okwanira m'mbali pojambula.

Chenjezo limodzi: nyumba ikakhala yaitali kwambiri ndipo munaima pafupi, kuiwongola kotheratu kumaichititsa kuoneka ngati mutu wake ndi waukulu kuposa tsinde. Siyani kupendekeka pang'ono. Kapena ngati mwaganiza zoloza m'mwamba, lozani kwambiri kuti aliyense aone kuti mwachita dala. Chimene majaji sachikhululukira ndi kupendekeka kwa pakatikati kooneka ngati ngozi.

Mphukira
Zikomo kwambiri a Kadzidzi. Ndiye foni ikhoza kulowa mpikisano?

Kadzidzi
Ikhoza. Mipikisano yambiri safunsa kuti wajambula ndi chiyani, ina ili ndi gawo la mafoni lokha. Onetsetsani chabe kukula kwa fayilo kumene akufuna, ndipo musatumize chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chifukwa amachifinya.

Chiphaliwali
Popeza ndayamba kale kuipa, ndipitirize. A Njerwa, pa khoma la kumanja pali chozimitsira moto chofiira ndi paipi ya mawaya. Munazisiyiranji? Ndi ntchito ya mphindi imodzi pa Photoshop.

Njerwa
Malamulo a mpikisano ankalola kukonza kuwala, mtundu, kudula ndi kuwongola mizere. Sankalola kuchotsa kapena kuwonjezera chinthu. Ananeneratu kuti amene afike kumapeto adzapemphedwa fayilo ya RAW, ndipo anandipemphadi asanalengeze zotsatira. Komanso ine chozimitsira motocho ndimachikonda. Ndi chokhacho chofiira pa chithunzi chonse chotuwa.

Wamapulani
Ife tikalemba ntchito wojambula, timamuuza achotse mawaya, zikwangwani, ngakhale galimoto yoima polakwika. Palibe amene amati ndi chinyengo.

Gogo Filimu
Chifukwa kumeneko ndi malonda bambo, onse akudziwa kuti chithunzi chaphodedwa. Ngakhale chithunzi cha Shulman chija chinali chokonzedwa. Amayi aja sanali eni nyumba, mipando anachita kubweretsa, ndipo anajambula mzinda kaye kwa mphindi zingapo magetsi a m'nyumba atazima, kenako n'kuwalitsa chipinda ndi flash pa filimu yomweyo. Palibe cholakwika pamenepo popeza sanalonjeze aliyense kuti sanakonze. Chinyengo chimabwera ukasainira malamulo oti sunachotse kanthu pamene wachotsa. World Press Photo mu 2015 inachotsa pafupifupi chithunzi chimodzi pa zisanu zilizonse mwa zimene zinafika chakumapeto itayerekeza ndi mafayilo oyambirira. Umenewo ndi mpikisano wa atolankhani, malamulo ake ndi okhwima kuposa a zithunzi za nyumba, koma kuchokera nthawi imeneyo kupempha RAW kunafala. Ndiye panabwera nkhani ya Boris Eldagsen mu 2023, amene anapambana gawo lina la Sony World Photography Awards n'kukana mphoto, akunena poyera kuti chithunzi chake chinapangidwa ndi AI. Pa zithunzi za nyumba vutoli ndi lalikulu kwambiri, chifukwa makompyuta akhala akupanga zithunzi za nyumba zosamangidwa zooneka ngati zenizeni kuyambira kalekale. Masiku ano kachozimitsira moto ngati kameneko kakhoza kukhala umboni wako woti unalidi pamalopo.

Kalulu
Ndiye kuti tiziyenda ndi chozimitsira moto m'chikwama.

Woyang'anira Gulu
A Kalulu khalani bwino. A Njerwa, gulu lonse likukunyadirani. Pitirizani kukambirana koma mwaulemu.

Chiphaliwali
Mwaulemu ndithu. Koma pali china chimene ongoyamba kumene ngati a Mphukira ayenera kumva asanatengeke. Si mpikisano uliwonse umene uli mpikisano. Ina ndi bizinesi yogulitsa masatifiketi. Amalipiritsa chithunzi chilichonse, ali ndi magawo ambirimbiri, gawo lililonse lili ndi golide, siliva, bronze, kenako mndandanda wautali wa oyamikiridwa moti pafupifupi aliyense wolipira amatuluka ndi kanthu. Ukapambana amakugulitsanso chikho, buku, ndi malo pa chionetsero. Sindikunena wa a Njerwa, sindikuudziwa. Ndikungoti mawu oti kuyamikiridwa mwapadera amalemera mosiyana malinga ndi kuti oyamikiridwawo alipo angati.

Njerwa
Funso labwino ndipo sindikukhumudwa nalo. Ndisanatumize ndinayang'ana zinthu zingapo. Majaji anatchulidwa mayina ndipo ndinatha kupeza ntchito zawo. Zithunzi zimene zinapambana zaka zam'mbuyo zilipo poyera ndipo ndi zoti ndikanakonda ndikanajambula ine. Oyamikiridwa m'gawo lathu ndi ochepa oti n'kuwawerenga ndi zala. Ndipo chionetsero akusindikiza okha, sanandipemphe kalikonse.

Kadzidzi
Onjezerani ndime ya umwini. Iyi ndiye anthu sawerenga. Mpikisano wabwino umanena kuti chithunzi chikhalabe chako, iwo ungowalola kuchigwiritsa ntchito polengeza mpikisanowo ndi chionetsero, dzina lako lilipo. Ukaona mawu oti akhoza kuchigwiritsa ntchito mulimonse, kwamuyaya, kuchigulitsa kapena kuchipereka kwa ena, ndipo zimenezi zikukhudza aliyense wolowa osati opambana okha, dziwa kuti akusonkhanitsa zithunzi zaulere. Thawa. Komanso kulipira si chizindikiro cha ubwino kapena kuipa. Sony World Photography Awards kulowa ndi ulere, ndipo ili ndi gawo la zomangamanga ku mbali zonse ziwiri: ku Open umatumiza chithunzi chimodzichimodzi, ku Professional amafuna zithunzi 5 mpaka 10 za mutu umodzi. Opambana amaonetsedwa ku Somerset House ku London. Pali inanso yolipiritsa koma yolemekezeka. Kuwerenga basi.

Mphukira
Nanga chilolezo? Munthu ungangojambula nyumba ya eni ake n'kutumiza ku mpikisano?

Wamapulani
Apa ndiye pa munda wanga. Zimatengera dziko. Pulani ya nyumba ili ndi mwini wake mwalamulo ngati mmene zilili ndi chithunzi. Mayiko ena amalola kujambula nyumba iliyonse yooneka uli pamalo a aliyense: ku UK lamulo la 1988 limalola, ku America lamulo la 1990 loteteza mapulani a nyumba linasiya dala mpata umenewu. Ku France mpatawo ndi wochepa, sukhudza zamalonda. Chitsanzo chodziwika ndi Eiffel Tower. Nsanjayo payokha ndi yakale, masana jambulani mmene mungafunire, koma magetsi ake a usiku anaikidwa mu 1985 ndipo amatengedwa ngati ntchito yaluso yokhala ndi mwini, choncho wofuna kugulitsa chithunzi cha usiku amayenera kupempha. Mkati mwa nyumba ndi nkhani ina. Mwalowa pa malo a munthu, iye ndi amene anganene kuti jambulani kapena ayi, makamaka mukatulutsa tripod.

Njerwa
Ine ndinapempha kwa oyang'anira malowo ndipo anandilembera kakalata. Bambo wosesawo ndinawaonetsa chithunzi pa kamera pomwepo, ndinawafotokozera kumene ndikufuna kuchitumiza, anavomera. Nkhope sikuoneka, koma anzawo a kuntchito akhoza kuwazindikira, ndiye sindikanachita mwakabisira. Chosindikizidwa chimodzi ndi chawo.

Gogo Filimu
Mwachita bwino mwanawe. Ndipo a Mphukira, musamve zonsezi n'kuganiza kuti chinsinsi chili pa lenzi yodula kapena pa kusankha mpikisano. Ntchito yaikulu ya wojambula nyumba ndi kudziwa kumene dzuwa lidzakhale. Nyumba sungaiuze kuti tatembenuka pang'ono. Khoma loyang'ana kum'mawa ndi la m'mawa, loyang'ana kumadzulo ndi la madzulo. Konkire ndi njerwa zimafuna kuwala kobwera cham'mbali kuti makwinya ake aoneke, dzuwa la paliwombo limazipha. Nyumba yagalasi imakoma dzuwa litangolowa kumene, pamene kuwala kwa kunja kwatsika n'kufanana ndi kwa magetsi a mkati, ndipo nthawi imeneyo sichedwa kutha. Ngakhale nyengo ya chaka imasintha zinthu, chifukwa dzuwa silituluka malo amodzi chaka chonse. Kuwala kwa pa masitepe a a Njerwa miyezi ina sikudzagwera pamenepo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani pa nyumba imodzi kambirimbiri musanafune nyumba zambiri.

Wamapulani
Agogo mwangobwereza mfundo yanga mosadziwa. Zonse mwatchulazi, kumene khoma layang'ana, mmene dzuwa limayendera pa chaka, ndi zimene ife timayamba nazo pepala lisanadetsedwe.

Gogo Filimu
Ndabwereza ndikudziwa bambo. Inu mumawerengera dzuwa nyumba isanakhalepo, iwo amaliwerengera itakhalapo. Bungwe la akatswiri a mapulani la ku America, AIA, linapereka mendulo yake yoyamba ya kujambula nyumba kwa Ezra Stoller mu 1961. Anzanu omwe ndi amene anaona kuti ntchitoyi ndi yoyenera mendulo.

Wamapulani
Mendulo apereke, sindikuletsa. Ine ndikhutira tsiku limene mipikisano yonse idzakakamize kulemba dzina la wolemba pulani ngati mmene wachitira uwu. Ndipo ojambula nawonso azidandaula mokweza ife tikaika zithunzi zawo pa mawebusaiti athu popanda mayina awo, chifukwa zimenezonso timachita, ndikuvomereza m'malo mwa anzanga.

Chiphaliwali
Zimenezo ndiye tilembe penapake, a Wamapulani avomera.

Mphukira
Achemwali, ndiye kuyamikiridwaku kukubweretserani chiyani? Pali ndalama?

Njerwa
Ndalama ndi za wopambana woyamba yekha. Ine ndapeza satifiketi, malo pa chionetsero, ndi dzina pa tsamba lawo. Sindikuyembekezera kuti mawa foni iyamba kulira. Chimene ndikuona kuti chindithandiza n'chakuti ndikamalembera makampani a mapulani kufuna ntchito, ndili ndi chiganizo chimodzi choti anthu osandidziwa, amene sanaone dzina langa poweruza, anasankha ntchito yanga. Chinanso, ndinali ndi zithunzi zingapo za magaraja zimene ndinkachita nazo manyazi. Tsopano ndikufuna kuzisonkhanitsa zikhale ntchito imodzi, mwina ndidzayese gawo lofuna zithunzi zingapo. Kumeneko n'kovuta kwambiri chifukwa chithunzi chimodzi chofooka chimagwetsa zinzake zonse.

Kadzidzi
Mukafika posankha mudzatiitane. Wojambula sasankha bwino zithunzi zake, amakondera chimene anachivutikira kwambiri. Funso lina: akusindikiza pa pepala lanji? Chithunzi chimenechi chili ndi mdima wambiri. Pa sikirini mdimawo umaoneka bwino chifukwa kuwala kumachokera kumbuyo, pa pepala ukhoza kutsekeka n'kukhala wakuda bii, makamaka pepala losanyezimira.

Njerwa
Sananene mtundu wa pepala. Angopempha fayilo ya mtundu wa TIFF ya Adobe RGB ndi kukula kwake.

Kadzidzi
Afunseni, ndipo ngati angathe akutumizireni profile ya printer yawo, fayilo yoonetsa mmene imatulutsira mitundu, muyesere pa kompyuta. Apo ayi sindikizani kachidutswa ka mbali yamdimayo pa kukula komweko muone ngati makwinya a konkire akuoneka. Nthawi zambiri pamafunika kuwalitsa mithunzi pang'ono pa fayilo yosindikiza. Muwauze kuti mwatero kuti isasiyane ndi imene majaji anaona popanda chifukwa.

Wamapulani
Achemwali, mkangano pambali, ndili ndi pempho. Ndimaphunzitsa achinyamata za mmene kuwala kumalowera m'nyumba, ndipo chithunzi chanuchi chikufotokoza bwino kuposa zojambula zanga za pa bolodi. Mungandilole ndichionetse m'kalasi?

Njerwa
Palibe vuto bambo, bola dzina langa likhalepo ndipo chisapite pa intaneti chionetsero chisanatsegulidwe. Ndikutumizirani kumbali, pamodzi ndi chopanda munthu chija kuti ophunzira anu adzatiweruzire ine ndi a Chiphaliwali.

Chiphaliwali
Mulemberane zimenezo a Njerwa, ngakhale mizere iwiri pa imelo. Ndipo ophunzirawo musawauze kuti chinapita ku mpikisano ndi chiti.